Nyemba za Riboni Yofiira

Lolemba m'mawa, Mayi Nyemba atangotsekula chitseko cha shedi ya mbewu, fungo la dothi lonyowa linamumenya m'mphuno. Anaima pakhomo pomwepo, kiyi ali m'manja. Ena fungo limeneli amalikonda, amati limawakumbutsa mvula yoyamba. Iye atalimva thupi lonse linachita tsembwe.

Dzinalo lisakusokonezeni, mwana analibe. Anali mtsikana wa chaka chomaliza cha bayoloje pa yunivesite, ndipo anzake a m'kalasi anamupatsa dzinali chifukwa cha miphika makumi asanu ndi limodzi ya nyemba imene ankaisamala kuposa tsitsi lake lomwe. Kafukufuku wake anali wosavuta kufotokoza. Miphika makumi atatu anaimanga riboni yabuluu, imeneyo ankaithirira. Ina makumi atatu anaimanga riboni yofiira, ndipo imeneyo inayenera kukhala masiku makumi awiri ndi limodzi osalawa ngakhale dontho, kuti zidziwike kuti ndi mtundu uti wa nyemba umene umapirira chilala. Ankayeza masamba ndi lula, kuika mphika uliwonse pa sikelo, n'kulemba manambala m'buku. Digiri yake yonse inali m'miphika imeneyo, ndipo kunatsala masiku atatu okha.

Lachisanu anazisiya nyemba za riboni yofiirazo zili lende, masamba atapindika, zikuvutika monga momwe zinayenera kuvutikira. Lero zinali chilili, masamba ali tambasu, zobiriwira mwachipongwe.

Anapisa chala mumphika woyamba. Matope. Wachiwiri, matope. Anayenda mzere wonse akupisapisa ngati wataya ndolo, mpaka pamphika womaliza anapeza kapepala kopindidwa bwino, kopanikizidwa ndi kachidutswa ka waya.

"Ana ako anatsala pang'ono kufa. Ndawamwetsa Loweruka, ndabwerezanso Lamlungu kuti akhute. Usandithokoze, ungomwetulira basi."

Zilembozo ankazidziwa. Zinali za Wamagetsi, mnyamata wokonza magetsi pa yunivesitepo, amene anali naye pachibwenzi kwa miyezi isanu ndi itatu. Anadziwana mushedi momwemo tsiku lina fani itafa, iye akutukwana kutentha, mnyamatayo akuseka ali pamwamba. Lachisanu lapitali anamubwereka kiyi kuti akatenge tesita yake yoyezera magetsi imene anaiiwala pokonzanso fani yomweyo. Lamulo limene wophunzira aliyense ankasainira linkati kiyi wa shedi saperekedwa kwa munthu wina aliyense, koma munthu akakhala m'chikondi malamulo amaoneka ngati analembera anthu ena. M'mawa womwewo pageti, Wamagetsi anamubwezera kiyiyo akumwetulira ngati wabisa mphatso. Mphatso yake inali imeneyi.

Mayi Nyemba sanalire. Anapukutira chala chamatopecho pa chovala chake choyera cha mulabu, n'kutuluka osatseka n'komwe chitseko.

* * *

Anamupeza m'khonde la nyumba ya makalasi, ali pamwamba pa makwerero, akusintha babu kwinaku akuimba mluzu.

"Tsika."

Wamagetsi anayang'ana pansi, nkhope yonse mano okhaokha. "Wawaona? Adzuka eti? Ndimaopa kuti mwina ndachedwa."

"Ndati tsika!"

Mluzu unathera pomwepo. Anatsika pang'onopang'ono. Ophunzira amene ankadutsa anachepetsa liwiro, wina mpaka anayamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

"Bambo a magetsi," anayamba Mayi Nyemba, ndipo ulemu umenewu unali woopsa kuposa chitonzo, "ndinakupatsani kiyi kuti mukatenge chiyani mushedi muja?"

"Tesita. Koma n'chifukwa chiyani ukundiyankhula ngati mlendo?"

"Tesita imamwa madzi?"

"Iwe, mbewu zija zimafa. Zinali zitagoneratu. Ukanafika lero ukanapeza zouma."

"Zimayenera kufota! Ndimafuna zifote! Masiku onsewa ndakhala ndikuzimana madzi dala, ndikulemba mmene zikuvutikira. Sukulu yangayo ndi imeneyo. Ndiye iwe wafika ndi kheni yothirira m'manja, watsuka zonse. Ntchito ya miyezi itatu! Chikwangwani chija sunachione? Cholembedwa zilembo zikuluzikulu kuti OSATHIRIRA, choti ngakhale mwana wa kupulayimale akanawerenga?"

"Panalibe chikwangwani."

"Wayamba bodza tsopano?"

"Ndikuti panalibe. Ndiponso sindinangothirira ayi, ndinayamba ndafunsa kaye..."

"Unafunsa ndani? Nyembazo? Zinakuyankha kuti achimwene tili ndi ludzu?" Anaseka, koma kunali kuseka kowawa. "Ababa ananena. Anati munthu wa mawaya adziwa chiyani za sukulu yako, ameneyo adzakuzimitsa masanasana. Ine ndinakuikira kumbuyo. Masabata awiri sindinayankhulane nawo m'nyumba imodzi chifukwa cha iwe. Lero ndikawayang'ana ndi nkhope iti?"

Wamagetsi anaika babu pansi mosamala. Nayenso anali ndi mtima wake, kungoti wake unkapsa mwakachetechete.

"Ndiye kuti ndine mbuli."

"Sindinanene ine. Pita ukafunse nyemba."

"Chabwino. Mbuli ifunseko kamodzi. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukuperekeza mpaka pakhomo pa shedi ija, ndikukunyamulira matumba a dothi. Ndakufunsa kangati kuti mariboni awa ndi a chiyani? Unkandiyankha kuti chiyani? 'Sungamve, ndi za sayansi.' Ine ndikamakonza soketi ndimakuuza waya amene angakuphe. Iwe unalephera kundiuza mawu awiri okha, kuti zofiirazi sitithirira."

Mawuwa anamubaya chifukwa anali oona, ndipo palibe chimene chimapsetsa mtima munthu wokwiya kale kuposa kumva zoona kuchokera kwa wolakwa.

"Usandiimbire. Usandilembere. Ukandiona panjira uzikwera makwerero akowo."

Anatembenuka n'kumapita. Kumbuyo anamva akumuitana, koma sanacheuke.

* * *

Masana anakhala mulabu, buku la manambala lili patsogolo pake, osatha kulemba kanthu. Foni inkangonjenjemera patebulo. Mauthenga a Wamagetsi anafika asanu, kenako asanu ndi atatu. Anaigoneka chafufumimba osatsekula ngakhale umodzi.

"Ndamva za maliro athu."

Anali Pulofesa, mnzake wa m'kalasi, wovala magalasi, amene anapatsidwa dzinali m'chaka choyamba chifukwa chokonda kuwongola aphunzitsi. Chaka chino anasankhidwanso kukhala woimira ophunzira m'dipatimenti yawo, poti kuyankhula ankakutha. Kafukufuku wake anali wa mbululu, ndipo matanki ake anali pakona ya shedi yomwe ija. Kuyambira chaka choyamba ankamufuna Mayi Nyemba. Anakanidwa katatu, koma anali munthu woti "ayi" amamumva ngati "dikira". Anakoka mpando n'kumuikira botolo la madzi ozizira patsogolo.

"Madzi usandionetse lero," anatero Mayi Nyemba.

"Pepa. Ndi wamagetsi uja eti?"

Mutu ukanakhala m'malo, akanamufunsa kuti wadziwa bwanji, poti anali asanamuuze. Koma mkwiyo umafuna khutu, ndipo khutu linali litabwera lokha. Anamukhuthulira zonse, za kiyi, za kapepala, ndi za m'khonde muja.

Pulofesa anapukusa mutu ngati wamva chisoni kwambiri. "Anthu amenewa si oipa ayi, kungoti zathuzi sazidziwa. Koma tisiye zimenezo, tione za iwe. Njira yoyamba ndi iyi. Masiku otsalawo ndi ochepa, ndipo manambala ako akuonetsa kale kumene amalowera. Ungopitiriza mzere ndi cholembera, angadziwe ndani?"

"Ndipeke manambala?"

"Sindinati upeke. Ndati upitirize."

"Zaka zinayi ndaswa mutu kuti ndidzathere pa kupeka? Ukabwerezanso, botolo ili likupeza pamagalasipo."

"Chabwino, chabwino, ndimangokuyesa." Anakweza manja. "Njira yachiwiri. Ntchito yanga ya mbululu ndi yaikulu, imakwana anthu awiri. Ulowe kwa ine. Tikakhala kudamu masabata anayi, kuli nyumba ya ofufuza. Tikatolera zonse, aliyense alemba lipoti lake. Umaliza chaka chino."

"Masabata anayi, ine ndi iwe, kutchire."

"Ine, iwe ndi mbululu." Anamwetulira, kenako anatsitsa mawu. "Koma mawa ukamakaonana ndi a Dokotala oyang'anira kafukufuku wako, za kiyi usakatchule. Ukudziwa zimene tinasainira. Wopereka kiyi kwa munthu wakunja amachotsedwa pa kafukufuku. Mnzakoyo naye analowa Loweruka popanda chikalata cha ntchito, ndiye ntchito imuthera tsiku lomwelo. Ukangonena kuti unasokoneza mizere wekha. Akakukalipira, koma kusokoneza si mlandu."

Mayi Nyemba anakankhira botolo lija kutali. Ankadana ndi mawu ake, ankadana ndi mafuta onunkhira amene ankadzola, ndipo koposa zonse ankadana ndi kuti zimene ananenazo zinali zomveka.

* * *

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, atatsimikiza mumtima kuti sanena kanthu. Anapeza bambo ake ali pakhonde, wailesi ili chete pambali pawo. M'nyumbamo aliyense ankadziwa kuti wailesi ikazima kunja kukuwala, pali mlandu.

Bambowa anaphunzitsa bayoloje kusekondale zaka makumi atatu asanapume. Ndiwo anamuonetsa maselo a anyezi pa maikulosikopu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pa nkhani ya Wamagetsi anagamula kamodzi kokha, miyezi inayi m'mbuyomo. Digiri ikalowa m'nyumba muno chaka chino, mnyamatayo adzapatsidwa mpando kuti amvedwe. Ikapanda kulowa, asadzaponde ngakhale pageti.

"Ndamva kuti mvula yagwa mushedi," anatero osamuyang'ana.

"Wakuuzani ndani?"

"Alipo ana amene ndinawaphunzitsa omwe akukumbukirabe nambala yanga." Pulofesa anali mmodzi wa iwo, mwana wawo wapamtima wa kusekondale, ndipo akamamutchula nkhope inkawala. "Kunatsala masiku atatu okha! Mwana wongolowa kumene kusekondale ndinkamuphunzitsa sabata yoyamba kuti pofufuza pamakhala mbewu yothirira ndi mbewu yosathirira. Iwe wanditolera munthu woti ngakhale zimenezo sazidziwa, ukuti ndidzamutche mkamwini?"

Mayi ake anatulukira pakhomo akupukuta m'manja. "Inu abambo, mwana uja anachita ndi mtima wabwino. Inenso ndikanaona mbewu ikufota ndikanathirira."

"N'chifukwa chake inu simunapatsidwe kiyi! Mtima wabwino ulembedwa patsamba liti la lipoti?"

"Musawakalipire amayi," anatero Mayi Nyemba.

"Ndikukalipira iwe. Mnzako wanzeru uja wakutsekulira khomo. Lowa. Upite kudamuko, umalize sukulu, mwina pobwera maso adzakhala atatseguka."

Apa mkwiyo wake, umene tsiku lonse unkathamangira kwa Wamagetsi, unakhota n'kulunjika kwa bambo ake.

"Mwasangalala eti, Ababa? Ntchito yanga ya miyezi itatu yafa, inu simunati n'komwe pepa mwana wanga. Chimene mwaonapo n'chakuti mwapambana. Munthu uja walakwa, inde, ndipo ndamunyoza pamaso pa anthu. Koma pa anthu nonsenu ndi iye yekha amene anaona chinthu changa chikufa n'kuyesa kuchipulumutsa."

Anadabwa yekha ndi mawu akewo, ndipo zinamupsetsanso mtima kuposa kale. Analowa kuchipinda, chitseko n'kulira. Foni anaiponya pansi pa pilo.

Patapita kanthawi mayi ake analowa ndi kapu ya tiyi, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Piloyo ikunjenjemera," anatero.

"Isiyeni."

"Mbali yake waimva?"

"Mbali yake ndi matope, Amayi. Ndaigwira ndi chala."

Mayi ake anasuzumira kukhomo kaye, kenako anayankhula motsitsa. "Chaka choyamba cha ukwati wathu ndinapeza mabotolo khumi ndi awiri kuseri kwa kabati, muli buledi wochita chuku. Ndinati uve wanji uwu, mwamuna wophunzira chonchi. Ndinataya zonse, ndinatsuka mabotolowo mpaka kuwala, n'kuwandandalika patebulo kuti andiyamikire. Inali ntchito yawo ya mayeso kukoleji, kumene anabwerera kukawonjezera maphunziro. Mwezi wathunthu ankangondiyankha ndi mphuno."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Chaka chotsatira unabadwa iwe."

Kuseka kunafika pakhosi, koma Mayi Nyemba anakumeza. Sanafune kuseka, ndipo foni ija sanaitsekulebe. Ankaopa kuti akangowerenga "pepa" mmodzi mkwiyo usungunuka, chonsecho mkwiyowo ndiwo unkamuletsa kulira.

* * *

Lachiwiri m'mawa anagogoda pa ofesi ya a Dokotala, mayi woyang'anira kafukufuku wake. Ophunzira ankati mayiwa ulesi amakhululuka kamodzi, kupusa kawiri, koma bodza sakhululuka n'komwe. Pashelefu pawo panali mafupa a mleme m'kabokosi, ndipo wophunzira aliyense wopalamula ankathera kuyang'ana mleme ameneyo poopa maso awo.

Anamvetsera nkhani yonse osaphethira.

"Ukuti unathirira wekha."

"Eee, Madamu. Lachisanu ndinali wotopa. Ndinasokoneza mizere."

"Iweyo? Amene unabweza thumba la dothi chifukwa mtundu wake unasiyana pang'ono ndi ena? Miphika makumi atatu yonse, riboni ili psuu, osazindikira?"

"Eee, Madamu."

"Kiyi wako sanachoke m'manja mwako?"

M'maganizo Mayi Nyemba anaona Wamagetsi akutuluka pageti atanyamula bokosi lake la zida, ntchito itatha. Anali atamukwiyira moti akanatha kumugenda ndi mphika, koma kumulanda ntchito ayi.

"Sanachoke, Madamu."

A Dokotala anamukankhira pepala ndi cholembera. "Lemba zimene wanenazo, usaine, uike deti. Zilowa m'failo yako."

Analemba mizere isanu n'kusaina.

"Tsopano tiwerenge masabata," anatero a Dokotala. "Nyemba zatsopano kuti zikule mpaka poyambira, asanu. Kuzimana madzi, atatu. Malipoti ndikulandira pakatha masabata asanu ndi limodzi. Sizikwana. Ndiye kaya ubwereza chaka, kaya ulowa ku mbululu. Uli ndi mwayi, mnzako uja anandilembera kale kupempha kuti ndikulole." Anatembenuza kompyuta kuti aone. "Nayi. Ana inu simupuma, munthu kulemba kalata Lamlungu masana."

Mayi Nyemba anayang'anitsitsa. Pamwamba panalembedwa Lamlungu, 2 koloko masana. "Popeza nyemba zake za chilala zathiriridwa mwangozi," inatero kalatayo, "ndikupempha kuti mumulole agwire nane ntchito."

Lamlungu! Iye mwini wake wa nyemba anadziwa Lolemba m'mawa. Pulofesa anadziwa Lamlungu, ndipo m'malo momuimbira kuti athamange, anakhala pansi n'kulemba kalata.

"Madamu, ndingaone foni yanga pang'ono?"

"Ona. Ndikusindikiza fomu ya mbululu yoti usaine."

Anatsekula mauthenga aja. Atatu oyambirira anali opepesa. Wachinayi unali wautali.

"Ukanandilola kumaliza. Loweruka ndinapeza mnzako wamagalasi uja ali mushedi, akudyetsa tiachule take. Ndinamufunsa kuti mbewu izi zikufa, ndimuimbire mwini wake? Anati musamuvutitse, wangoiwala, mungothirira za riboni yofiirazo, akasangalala kwambiri. Kheni anachita kundipatsa yekha."

Wachisanu unati, "Chikwangwani sindinachione. Ndikulumbira."

Womaliza unali wa m'mawa womwewo. "Sindilola kuti ulangidwe chifukwa cha manja anga. Ndadziwa chochita."

Makutu anamutentha. Pulofesa ankadziwa tanthauzo la riboni yofiira kuposa wina aliyense m'kalasimo. Anachotsa chikwangwani, anapatsa kheni munthu wosadziwa kanthu, anaimbira bambo a Mayi Nyemba, kenako anabwera ndi botolo la madzi kudzamuphunzitsa bodza loti akanene. Ndipo iye, wodziwa kuyeza tsamba mpaka kadontho, anameza zonse osatafuna. Mkwiyo wa dzulo unali wamasewera poyerekeza ndi uwu.

"Madamu," anayamba ataimirira, "pepala ndasaina lija..."

Wina anagogoda. Chitseko chinatseguka, analowa Wamagetsi, atavala ovolosi yochapa bwino, chipewa chili m'manja. Sanamuyang'ane n'komwe.

"Pepani a Dokotala, ndalowerera. Ndabwera kudzaulula. Nyemba za mtsikanayu ndinathirira ndine, Loweruka ndi Lamlungu. Iye sanadziwe kanthu. Chilango chilichonse chibwere kwa ine, koma iyeyu mumusiye amalize sukulu."

"Iwe, khala chete!" anakuwa Mayi Nyemba.

"Ayi, sindikhala chete. Dzulo unayankhula ndiwe, lero ndi ine."

A Dokotala anasiya fomu ija pamakina. "Mushedi munalowa bwanji, bambo?"

"Anandibwereka kiyi Lachisanu kuti ndikatenge tesita yanga. Koma zothirirazo sanandituma ayi, inali nzeru yanga."

Anayankha mutu uli m'mwamba, ngati munthu amene wamaliza ntchito yabwino. Lamulo la kiyi sankalidziwa. Nalonso Mayi Nyemba anali asanamuuzepo, poti ankati ndi za m'dipatimenti, sangamve.

A Dokotala ananyamula pepala losainidwa lija n'kuwerenga mokweza mzere womaliza, pang'onopang'ono. "Kiyi sanachoke m'manja mwanga."

Apa m'pamene Wamagetsi anamuyang'ana. Anayang'ana pepala, anayang'ananso iye, nkhope n'kugwa.

"Unanama? Chifukwa cha ine?"

"Ndinati usandiimbire, ndinati usandilembere! Ndani anati ubwere kudzandipulumutsa?" Misozi imene anaikana kuyambira dzulo inatuluka tsopano, yotentha, pamaso pa a Dokotala ndi mleme wawo. "Kawiri konse wafuna kundithandiza, kawiri konse wandimiza!"

"Ukanawerenga mauthenga anga..."

"Ndawerenga! Ndawerenga mochedwa!" Anatembenukira kwa a Dokotala. "Madamu, pali munthu wachitatu pa nkhaniyi. Amene analemba kalata ya Lamlungu uja ndi amene anamutuma kuthirira. Umboni uli pafoni pano."

"Umboni wake ndi mawu a chibwenzi chako, ndipo wondiuza ndi munthu amene wangondinamiza ndi dzanja lake," anatero a Dokotala. Anatsekula dirowa, anaikamo pepala lija, n'kukhoma. "Za nyemba ndikanakukhululukira. Za kiyi tikanakambirana, ndinakhalapo mtsikana inenso. Koma ndinakufunsa maso ndi maso. Nkhaniyi yachoka m'manja mwanga. Lachisanu 9 koloko ukaonekera ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo kumeneko n'kumene kukadziwike ngati ulemba lipoti chaka chino. Inu bambo, kalata ipita kwa abwana anu lero."

Wamagetsi anafinya chipewa chake. "Komitiyo mumakhala ndani?"

"Anthu atatu. Ine, mkulu wa dipatimenti, ndi woimira ophunzira."

Woimira ophunzirayo Mayi Nyemba ankamudziwa bwino, anali Pulofesa. Anachita kumuvotera yekha.